Magetsi Atazima Tili Pamwamba

Ndinawalonjeza mu Juni, kukuzizira:
ndikangolandira ya geti la bwana wa ku Namiwawa, tipita.
Bwana analipira mu Okutobala.
Mwana saiwala ngongole.
Nthambi ankailemba pakhoma ndi khala,
mzere umodzi Loweruka lililonse.

Tinakwera minibasi ku Ndirande, anayi pampando wa atatu,
Tiyese pamiyendo panga,
nsapato zake zatsopano zikundimenya m'misongolo
ngati ndamulakwira.
Pachipata anatimanga timapepala m'mikono,
ndipo mayi awo anawerenga chenji kawiri,
nandiyang'ana, osanena kanthu.

M'katimo fumbi, nyimbo zitatu zikulimbirana khutu limodzi,
fungo la tchipisi ndi mbuliwuli.
Chinyumba chofufuma ngati ndasi
chikumeza ana ndi kuwalavula akuseka.
Akavalo apulasitiki akuthamanga osafika kulikonse,
mmodzi wothyoka khutu.
Tiyese anasankha yemweyo.
"Enawo ali nawo kale owakonda," anatero.

Kenaka chigudumu.
Patsinde pake pali ndodo yoyezera msinkhu.
Tiyese ananyang'ama, anasolola khosi ngati tambala,
anaperewera chala chimodzi.
Kulira kwake kunaposa nyimbo zitatu zija
mpaka ayisikirimu anamutseka pakamwa,
wina akutsikira kuchigongono.

Ine ndine wowotcherera zitsulo.
Zaka khumi ndi zinayi ndikusoka mageti ndi mawilibala.
Ena pachigudumu amaona nyali zamitundumitundu,
ine ndimaona misoko.
Amene anawotcha apa anali pachangu.
Apa penti akubisa dzimbiri.
Ndinameza mawu, ndinakhala pansi,
Nthambi akuvinitsa miyendo pambali panga.

Tinanyamuka.
Maambulera a ogulitsa anasanduka zitsekerero za mabotolo.
Mayi ake Tiyese anatsala kadontho kobiriwira.
Tili pansonga penipeni,
nyimbo zonse zinafa imfa imodzi.
Magetsi.
Pansi khamu linati aaa,
yemwe uja timanena kwathu akazima mpira uli m'kati.
Kampando kathu kanalendewera uku, uko,
kenaka zii.

Mphepo yochokera ku Soche inalowa m'malaya.
Ndinafinya chitsulo mpaka chinatuluka thukuta.
Ndinayamba Atate Wathu,
ndinasokoneza mizere,
ndinapezeka ndikuwerenga mabawuti.

"Ababa, taonani kwathu!"
Phiri lathu lija lili apo, lometedwa mpala,
madenga akukwerana m'munsi mwake ngati mbale zosatsuka.
"Nyumba yathu ndi iyo, ya pamtengo wa mapeyala."
Sinali iyo. Kuchokera apa sungaione.
Ndinati eya, ndi yomweyo.
"Mwaiwala kuanula tawulo lanu," anatero.

Atatero anayang'ana manja anga.
Anaika kadzanja kake, konata ndi switi, pamwamba pa zipsera zanga.
"Musaope, ndakugwirani."
Mawu anga omwe,
amene ndimamuuza tikamawoloka Nasolo mvula itagwa.
Sindinadziwe kuti amawasunga.

Pansi anyamata awiri akukoka chingwe cha jenereta.
Inatsokomola, inakana.
Inatsokomola, inakana.
Wina anaimenya khofi.
Kachisanu inavomera,
ndipo dziko linayamba kubwerera kwa ife pang'onopang'ono,
maambulera, fumbi, nkhope.

Nditaponda pansi mawondo anali a munthu wina.
Tiyese anathamanga: "Mwaona chiyani? Mwaona chiyani?"
"Zonse," anatero Nthambi. "Mpaka ku Limbe.
Ndipo ababa..."
Anandiyang'ana. Ndinayang'ana nsapato zanga.
"Ababa anaona tawulo lawo."

Pobwerera onse anagona tisanafike pa Ginnery Corner,
timapepala tija tidakali m'mikono.
Anakana kutivula masiku atatu, ngakhale posamba.

Tsopano pakhoma pali mizere ina ya khala,
yopingasa, osati yowerenga Maloweruka.
M'mawa uliwonse Tiyese amatsamira pamenepo,
chidendene kukhoma, chibwano m'mwamba,
mlongo wake atagwira rula.
Chala chimodzi chokha, ababa.
Amadya nyemba zonse osatsutsa.

Ine ndimavala magalasi anga akuda,
ndimayatsa moto pachitsulo cha eni ake,
ndipo m'kati mwa nthetche ndimapempha mwakachetechete:
mwanayu akule, Ambuye, akule ndithu,
koma musafulumire.